Galimoto itakana kulira, amuna anga anayankhula

Moni kwa inu nonse amene mumawerenga zimene ndimalemba pano, a mumpingo mwathu ndi ena amene sitinaonanepo maso ndi maso. Mtendere wa Ambuye ukhale m'makomo mwanu. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale. Kwathu ndi ku Dowa, koma ntchito inandibweretsa kuno kufupi ndi Champhira, m'boma la Mzimba, ndipo ndakalambira konkuno. Lero ndikufuna kuchitira umboni za matenda a amuna anga, bambo a Tiyamike, komanso za galimoto yathu imene inakana kulira nditaikonza ndi manja angawa. Ena mudzaona ngati nkhani ya galimoto ndi yaing'ono kuitengera pamaso pa Mulungu. Werengani kaye mpaka kumapeto.

Bambo a Tiyamike anali dalaivala pa ofesi ina ya boma ku Mzimba mpaka anapuma pa ntchito. Atapuma anagula kagalimoto koyera kakale, ka otomatiki, ndipo sindikumbuka kuti anakapititsapo kugalaja. Loweruka lililonse ankavala ovolosi yawo n'kukatsegula boneti pansi pa mtengo wa mango, ine n'kumawapatsira masipanala kwinaku ndikusankha nyemba. Ndi iwo anandiphunzitsa kuyendetsa, pabwalo la mpira la pasukulu pathu. Anali munthu wokonda kucheza. Chitumbuka anachidziwa msanga kuposa ine, ndipo ulendo wongopita kukagula mchere unkawatengera m'mawa wonse chifukwa choima pakhomo lililonse.

Tsiku lina m'mawa akumanga nsapato anangopendekeka n'kugwa. Kuchipatala cha ku Mzimba Boma anatiuza kuti ndi sitiroko, yobwera chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Dzanja ndi mwendo wakumanja zinafa, ndipo mawu anathawa. Madokotala anandiuza mosabisa kuti munthuyu akumva zonse, nzeru zake zilipo, koma kuyankhula mwina kudzabwerera, mwina ayi. Anatilamula kuti tizipita nawo ku Boma mwezi ndi mwezi kukayezetsa, kukatenga mankhwala ndi kukachita mafizo olimbitsa ziwalo ndi lilime.

Abale anga, kusamalira wodwala n'kolemetsa, koma chimene chinkandiwawa ine kwambiri si kuwasambitsa kapena kuwadyetsa. Chinali chete amene analowa m'nyumba mwathu. Mwana wathu Tiyamike ali pabanja ku Lilongwe, choncho tinkakhala awiriwiri. Ndikaweruka kusukulu ndinkawafotokozera za tsikulo, iwo n'kumangondiyang'ana, milomo ikunjenjemera, n'kutulutsa kaphokoso kopanda tanthauzo. Akalephera ankamenya mpando ndi dzanja lamanzere. Anthu obwera kudzazonda ankafunsa ine kuti odwala agona bwanji, eni akewo ali pomwepo akumva. Miyezi inapita choncho, ndipo ine ndinasiya kupempherera mawu awo. Ndinkangopempha kuti akhale ndi moyo.

Galimoto ija ndi imene inasanduka miyendo yawo. Kuchokera kwathu kukafika pamsewu wa tala ku Jenda ndi mtunda ndithu, ndipo munthu wofa mbali imodzi simungamukhazike panjinga yamoto. Ndiye itafika nyengo yozizira, galimoto inayamba kulira molemera m'mawa. Pamitu ya batire panamera zoyerayera ngati ufa, ndipo oyilo anali atada bii. Ine sindinazione msanga, anaziona ndi iwo. Anandikoka chitenje n'kundilozera. Nditati ndiitane makaniko wa ku Jenda, anapukusa mutu mwamphamvu, nadziloza pachifuwa, kenako n'kuloza manja anga. Ndinamva chimene ankanena. Iwo akhala mutu, ine ndikhala manja.

Ndinakagula oyilo, fyuluta ndi mapulagi. Loweruka ndinawatulutsira mpando panja, n'kuwafunditsa bulangeti, ine ndinavala ovolosi yawo ija. Ankandilozera sipanala yoyenera, akagwedeza mutu ndimadziwa kuti ndalondola. Ndinakhetsa oyilo wakale, ndinasintha fyuluta ndi mapulagi. Pomwe ndimatuluka pansi pa galimoto nkhope yonse ili mafuta okhaokha, ndinawaona akumwetulira ndi mbali imodzi ya kamwa. Chiyambireni matenda aja ndinali ndisanakuonepo kumwetulira kumeneko.

Chakumasana mphepo ya mwera inakula, iwo anayamba kunjenjemera ndi kutsokomola. Ndinawalowetsa m'nyumba n'kukawagoneka, ndipo ndinawauza kuti zotsalazo n'zochepa, ndimaliza ndekha. Ndinachotsa batire, ndinatsuka zoyera zija ndi madzi otentha ndi soda, ndinamasula mawaya amene anali ndi dzimbiri n'kuwapala ndi sandipepa. Nditabwezera zonse, monga mmene ndinkaganizira, ndinasamba m'manja n'kulowa m'galimoto. Nditapotokola kiyi, magetsi a padashibodi anayaka bwinobwino, koma injini inangoti ke, basi. Ndinayesanso, inangoti ke.

Zenera la kuchipinda linali lotsegula. Ndinadziwa kuti agona akudikira kumva injini yawo ikulira. Nditalowa ndinawapeza maso ali pakhomo. Ndinati, “Abambo, yakana.” Anandiyang'ana kanthawi, kenako anadzikoka ndi dzanja lamanzere n'kutembenukira kukhoma.

Mawa lake titaweruka kutchalitchi ndinafotokozera a Zgambo, mkulu wa mpingo amene munda wake unachita malire ndi pakhomo pathu. Anabwera ndi batire la sola ya kunyumba kwawo atalimangirira panjinga, poganiza kuti lathu lafooka ndi kuzizira. Tinalumikiza, koma inangoti ke. Amuna ena amene ankadutsa anati tiikankhe, ndinawauza kuti ya otomatiki siilira ndi kukankha. Ndinaimbira makaniko wa ku Jenda uja, ndipo ndinamupeza ali kumaliro kwawo, kutali. Anandithandiza ndithu pafoni, mofatsa. Anati ndione ngati giya ili pamalo oimikira, ndiponde buleki poliza, ndizule mafyuzi limodzilimodzi n'kuwayang'ana padzuwa, ndimangitse mitu ya batire, ndigogode sitata ndi sipanala wina akupotokola kiyi. Zonsezo tinachita mpaka manja anga anachita matuza. Pomaliza anati mwina sitata yafa, ndipo iyenera kuchotsedwa n'kupita nayo kutauni. Anati abwera maliro akatha.

Galimoto ikanatha kudikira. Amene sakanatha kudikira ndi munthu amene anagona m'nyumba. Kuyambira Loweruka lija anakana chakudya. Ndikawabweretsera phala ankatseka pakamwa, ndipo mapilitsi ankawalavula. Ndinawanyengerera, ndinawakalipira, ndinawaimbira Tiyamike kuti awayankhule pafoni, koma sanatembenuke. Maso anafiira, ndipo ankagwiragwira kumutu. Namwino wina wa pachipatala chathu chaching'ono, amene timapemphera naye, anabwera kudzawayeza. Atachotsa kachipangizo pamkono anandiitanira panja. Anati magazi athamanga kwambiri, mankhwala amene ali nawowa akuoneka kuti sakukwanira, ndipo tsiku lawo la ku Boma, lomwe linali Lachiwiri, lisaphonyedwe zivute zitani. Anandiuzanso chimene ndinkachiopa, kuti sitiroko yachiwiri nthawi zambiri siisiya munthu.

Ndinayenda m'midzi yoyandikira kufunafuna galimoto. Lole imene timaidalira inali itapita ndi fodya, ndipo mwini wake wa galimoto ina anali paulendo. Ndinabwerera ndi fumbi lokha kumapazi.

Lolemba masana ndinalowa m'galimoto yakufayo, ndinatseka chitseko ndi mawindo kuti asandimve, ndipo ndinalira monga sindinalirepo chiyambireni matenda aja. Munali fungo lawo m'galimotomo, la sopo ndi oyilo, ndipo chipewa chawo chinali chikadali pampando wakumbuyo. Pamenepo m'pamene ndinazindikira chimene chinawatembenuzira kukhoma. Sankandikwiyira ine. Munthuyu anali atatayidwa ndi dzanja, mwendo ndi lilime, n'kutsala ndi chinthu chimodzi chimene ankakhulupirira kuti akuchidziwabe. Anachiyesa, ndipo m'maganizo mwawo nachonso chinawakana. Anaona kuti palibenso chimene atsalira padziko.

Pemphero langa silinali lokongola. Ndinati, Ambuye, munthuyu mwalola kuti alandidwe zambiri, ndipo sindinakufunseni chifukwa chake. Koma ichi chokha musalole kuti chimuphe, poti manja amene alakwitsa ndi anga. Sindikudziwa chimene ndamasula, sindikudziwa chimene ndaiwala. Inu mukuona pansi pa boneti iyi, ndipo mukuona mumtima mwa mwamuna wanga. Kenako ndinapotokola kiyi, ndikukhulupirira kuti pemphero layankhidwa. Inangoti ke. Ndikuuzeni zoona, ndinatuluka m'galimotomo mtima uli wouma, ndipo tsiku limenelo sindinapempherenso.

Lachiwiri m'mawa, dzuwa litangotuluka, ndinamva mabelu a ng'ombe pabwalo. Anali a Zgambo ndi akazi awo, a NyaMoyo, atabwera ndi ngolo. Anali atayalamo udzu ndi matiresi a pabedi pawo. Ine sindinawapemphe. A Zgambo anavula chipewa n'kunena kuti, “Amama, tiwanyamule adada pangolo mpaka pa Jenda, mbwenu pamenepo tikwera minibasi. Ine ndipita nawo. Tikangokhala pano tiwataya.”

Ndinadziwa kuti ulendo wa pangolo m'mphepo imeneyo, ndi mabampu a msewu wathu, ukhoza kuwapweteka. Koma njira ina panalibe. A NyaMoyo anapemphera mwachidule m'Chitumbuka, ine ndinangoti ameni ndi pakamwa. Amuna anga tinawaveka juzi ndi chipewa, tinawakhazika pampando, ndipo ine ndi a Zgambo tinaunyamula, wina uku wina uku. Anali atapepuka moti ndinachita mantha.

Kuti tikafike pangolo tinayenera kudutsa pafupi ndi galimoto, imene boneti yake inali chitsegukire. Tikudutsa, anatambasula dzanja lamanzere n'kugwira m'mphepete mwa galimotoyo. Tinayesa kupitirira, koma sanataye. Ndinati, “Abambo, tichedwa, tayani.” Anagwiritsitsa mpaka mitsempha inaonekera. A Zgambo anati, “Alekeni amama, akufuna aone. Galimoto njawo iyi.”

Tinatsitsa mpando pomwepo. Anasuzumira mu injini nthawi yaitali, kenako anandipangira chizindikiro chopotokola kiyi. Ndinalowa n'kupotokola. Anatsinzina, akumvetsera. Anakweza chala kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza. Atatsegula maso anayamba kuloza pansi, chakumunsi kwa batire. A Zgambo anagwira batire, iwo anapukusa mutu. A Zgambo anagwira kabokosi ka mafyuzi, iwo anapukusanso. Ine ndinaloza sitata, ndipo amuna anga anamenya galimoto ndi chikhatho. Thukuta linayamba kutsika pamphumi pawo m'kuzizira konse kuja. Kamwa linkatseguka n'kutsekeka, khosi litatupa, ndipo ndinaopa kuti sitiroko ija ikubwera pomwepo ine ndikuona. Ndinawagwira phewa kuti ndiwaletse.

Ndiye ndinamva, “E… e… thi.”

Mawu ake anali okhakhala, ngati chitseko chimene chakhala chosatsegulidwa. Ndinkaganiza kuti anena kuti eti, monga munthu wofunsa, ndipo ndinagwada pafupi ndi mpando n'kuti, “Eti chiyani, abambo?”

Anapukusa mutu, napuma mozama, nayesanso. “Ethi. Waya.”

A NyaMoyo anagwira pakamwa. A Zgambo ananena chapansipansi kuti, “Ayankhula adada.” Ine mutu unali utaima, koma manja anakumbuka. Pa mawaya amene ndinapala ndi sandipepa panali wina wakuda, wonenepa, wochokera kubatire kupita pa injini, amene amakaniko amati ethi. Iwo anandiuzapo kalekale pansi pa mango paja kuti moto wa galimoto umafuna njira yobwererera, ndipo njira yake ndi waya ameneyo. Ndinapisa dzanja kunsi kwa batire, kumalo kosaoneka ndi maso, ndipo ndinamupeza akulendewera. Kumtunda ndinamumanga bwino, n'chifukwa chake aliyense woyang'ana ankaona ngati zonse zili m'malo. Kumunsi ndinamuiwala. Kabawuti kake kanalibe. A NyaMoyo anagwada n'kuyamba kusesa fumbi la pansi pa galimoto ndi manja, ndipo anakatola pafupi ndi tayala.

Ndinatenga sipanala n'kuyamba kumanga waya uja. Nditamanga ndinayang'ana amuna anga, iwo anandipangira chizindikiro choti ndimangitsenso pang'ono. Kenako anagwedeza mutu. Ndinalowa, ndinapotokola kiyi, ndipo injini inalira nthawi yomweyo, mosalala, ngati sinavutepo.

Palibe amene anakuwa kapena kululuta. A NyaMoyo anakhalabe chogwada m'fumbi muja, maso ali otseka. A Zgambo anangothokoza Mulungu m'Chitumbuka kuti, “Yewo Chiuta, yewo chomene,” n'kupita kukamasula ng'ombe zawo. Nditatuluka m'galimoto ndinapeza bambo a Tiyamike atatsamiritsa chikhatho pa galimotoyo kuti amve kunjenjemera kwa injini, misozi ikutsika mbali zonse ziwiri za nkhope. Ndinawapukuta ndi chitenje. Ndisanawalowetse m'galimoto ndinathamangira m'nyumba kukatenga phala limene anakana m'mawa, ndipo anamwa lonse, pamodzi ndi mapilitsi.

A Zgambo anakhala nawo kumbuyo, atawagwirira njira yonse. Tinadutsa pa Jenda anthu akuyala kumene malonda, ndipo tinafika ku Boma nthawi yabwino. Dokotala atawayeza sanatilole kubwerera. Anawagoneka masiku angapo, anawasinthira mankhwala, ndipo anandiuza kuti tikanachedwa nkhani ikanakhala ina. Nditamufotokozera za mawu awiri aja anati zimachitika, kuti nthawi zina mawu amayamba kubwerera kudzera pa chinthu chimene munthu anachizolowera moyo wake wonse, ndipo mafizo a miyezi yonse ija anali akugwira ntchito mwakachetechete. Sindikutsutsa, ndipo anthu a mafizowo ndimawathokoza. Koma ine ndikudziwa chimene ndinapempha m'galimoto muja, ndipo ndikudziwa kuti ndinapatsidwa choposa pamenepo. Ndinapempha kuti injini ilire. Mawu awo ndinali nditasiya kalekale kuwapempherera. Galimoto ija ikanalira Lolemba pamene ndinapotokola kiyi nditangotha kupemphera, sakanagwira m'mphepete mwake Lachiwiri, ndipo sindikudziwa ngati lilime lija likanamasuka.

Sindikufuna kukunamizani kuti anachira kotheratu. Dzanja lakumanja likadali lofooka, ndipo amayenda ndi ndodo, pang'onopang'ono, kuchokera pakhonde kufika pamtengo wa mango. Mawu amabwera amodziamodzi, ena amasochera panjira, ndipo masiku ena amakhala chete tsiku lonse. Koma amapempha madzi ndi pakamwa pawo. Amayankha moni wa anthu odutsa. Tili m'chipatala muja, m'mawa wina ndikupinda zofunda, ndinamva wina kumbuyo kwanga akuti, “Nambewe.” Limenelo ndi dzina la mfunda wanga, ndipo padziko pano amandiitana choncho ndi munthu mmodzi yekha. Ndinakhala pansi pomwepo, pasimenti ya m'wodi.

Makaniko uja anabwera atachoka kumaliro, anayendera zonse zimene ndinagwira, n'kunena kuti ntchitoyo inali yabwino kupatula waya mmodzi yekhayo. Anandilangiza kuti ndikamamasula chinthu ndiziyamba ndachijambula pafoni, ndipo galimoto ikakana kulira nditangoikonza, ndisathamangire kuganiza kuti chachikulu chafa, ndiyambe ndabwerera paliponse pamene manja anga anagwira. Malangizo amenewo ndikupatsirani inunso amene mumakonza nokha pakhomo.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandiyankhe pa ola limene ine ndinkafuna. Ndikuthokoza a Zgambo ndi a NyaMoyo, anthu amene si abale anga, chilankhulo chathu n'chosiyana, koma anachotsa matiresi pabedi pawo n'kuwayala m'ngolo chifukwa cha mwamuna wanga. Ndikuthokoza namwino amene anandiuza zoona osandinyengerera, ndi amayi a mumpingo amene ankanditungira madzi masiku onse amene ndinali kuchipatala.

Kwa inu amene mukusamalira wodwala amene sayankhula, ndapota nanu, musamuyese ngati wachoka. Munthuyo alimo, akumva, ndipo akufuna kukhalabe wofunika pakhomo pake. Mufunseni maganizo, mudikireni ngakhale achedwe, ndipo akagwira chinthu osafuna kutaya, tsitsani mpando. Kwa inu amene mwapemphera n'kupotokola kiyi koma palibe chimene chalira, ndikudziwa kuuma mtima kumene mukumva, chifukwa ndinagona nako. Musachite manyazi nako, ndipo musaleke. Dzukani m'mawa, mutsegulire amene wabwera kudzakuthandizani ngakhale atabwera ndi ngolo, ndipo munyamule mbali yanu ya mpando. Ambuye akudziwa pamene pamasuka, ngakhale pamene maso anu safika.

Umboni uwu ndawawerengera bambo a Tiyamike ndisanautumize, chifukwa nkhaniyi ndi yawo. Amvetsera mpaka kumapeto, ndipo nditawafunsa ngati ndiutumize, ayankha okha kuti, “Tumiza.” Ambuye akusungeni nonse.